Ma plugin a Obsidian: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwathu kuno ku Mwanza ndipo pano muli m'makoleji, pa ntchito ku Blantyre kapena ku Joni, lero ndabwera ndi mkangano. Nkhani yake ndi ya Obsidian, pulogalamu yolembera manotsi imene yayamba kulowa m'malaputopu ndi m'mafoni a ena mwa ife, makamaka tizida towonjezera tija amati ma plugin. Mfundo yanga ndi imodzi basi. Plugin yoyenera mphunzitsi wa kuno ndi imene ukaichotsa manotsi ako amatsala owerengeka. Imene ikachoka imapita ndi ntchito yako ndi msampha, ngakhale ikongole bwanji, ngakhale aitame anthu angati pa YouTube.

Kwa amene simunaione, Obsidian anaipanga anthu awiri, Shida Li ndi Erica Xu, ndipo inatuluka mu 2020. Ya pa foni inabwera mu 2021. Kuigwiritsa ntchito ndi kwaulere. Chimene chimaisiyanitsa ndi zinzake ndi ziwiri. Choyamba, notsi iliyonse ndi fayilo wamba ya mawu, ya mtundu wa Markdown umene John Gruber anayambitsa mu 2004, ndipo imakhala mu foda ya pa kompyuta yako kapena pa foni yako, osati pa makina a kampani ina ku America. Intaneti ikadula, iwe ukulembabe. Chachiwiri, manotsi amalumikizana. Ndikalemba [[Mtsinje wa Shire]] m'notsi ya Geography yonena za magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kulembanso chimodzimodzi m'notsi ya History yonena za ulendo wa Livingstone wa mu 1859, ndi m'notsi ina ya ulimi wothirira nzimbe ku Nchalo, ndikatsegula tsamba la Shire zonse zitatuzo zimaonekera pamodzi. Hadikava singachite zimenezi. Ichi ndiye chuma chenicheni cha pulogalamuyi, ndipo sichifuna plugin ngakhale imodzi.

Tsono pamwamba pa zimenezi pali ma plugin oposa 2,000 amene anthu wamba, ambiri a iwo ongodzipereka, analemba n'kuwaika poti aliyense atenge. Apa ndi pamene matenda alowera. Mwana wathu wakale amabwera ku holide kuchokera ku MUBAS kapena ku Chancellor, ndi mtima wabwino ndithu, n'kutenga laputopu ya mphunzitsi wake kuikamo ma plugin makumi atatu usiku umodzi. Sikirini imakongola, pali kalendala apa, mitundu apo, timadontho tolumikizana ngati ukonde wa kangaude. Iye n'kubwerera ku sukulu. Teremu ikatsegulidwa, mphunzitsi ali ndi chinthu chimene chimachedwa kutseguka, chimene sakuchimvetsa, ndipo lesoni pulani ya Fomu 3 ya Lolemba sinalembedwe. Ana anga, thandizo lotere ndi katundu.

MUYESO WANGA

Ndisanayerekeze plugin ina ndi inzake, nayi miyeso itatu imene ndimagwiritsa ntchito. Woyamba ndanena kale: ndikaizimitsa, fayilo yanga ikuoneka bwanji? Wachiwiri: kodi ikugwira popanda netiweki ndiponso pa foni ya Itel kapena Tecno imene ambiri a ife tili nayo? Musaiwale kuti namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 ndipo tinakhala miyezi yambirimbiri tikuthimiridwa maola ochuluka pa tsiku. Chida chimene chimafuna magetsi ndi bandulo nthawi zonse anachipangira anthu a dziko lina. Wachitatu: kodi ikutumiza kuti zimene ndalemba? Mafunso atatu amenewa akukwanira kupeta ma plugin onse ngati mphale m'lichero.

DATAVIEW NDI BASES

Tiyambe ndi imene anyamata amaitama kwambiri, Dataview, yolembedwa ndi Michael Brenan. Ntchito yake ndi kufunsa manotsi ako mafunso. Ungaiuze kuti ikuonetse mitu yonse ya Fomu 4 imene sunaphunzitse teremu ino, iyo n'kukujambulira tebulo pompo. Sindikana, ndi yanzeru. Kwa munthu wofuna kuyang'ana sikimu yake n'kudziwa pamene watsalira, ndi yokopa.

Koma tebulo lokongolalo sililembedwa m'fayilo. Limangojambulidwa pa sikirini nthawi imene plugin ili moyo. Mukatsegula fayilo yomweyo pa kompyuta ya sukulu imene ilibe Dataview, kapena mukaitumiza kwa mnzanu pa WhatsApp, chimene adzaone ndi mizere itatu ya malamulo a Chingerezi, TABLE, FROM, WHERE, popanda mutu ngakhale umodzi wa phunziro. Munthu amene wamanga marekodi ake onse a ntchito pa Dataview ali ngati wosunga chimanga m'nkhokwe ya eni ake. Komanso muyenera kuphunzira kachilankhulo kake, ndipo mukaphonya chilembo chimodzi palibe chotuluka.

Mu 2025 eni ake a Obsidian anatulutsa chida chawochawo chotchedwa Bases, chimene chimabwera kale m'pulogalamu. Nacho chimapanga matebulo kuchokera pa timizere ta pamwamba pa notsi, monga fomu, teremu, mutu, ndipo mumasankha ndi chala m'malo molemba malamulo. Nacho sichilemba tebulo m'notsi, choncho musachikhulupirire ngati kabuku ka malikisi, koma choyamba amachisamalira ndi anthu olipidwa pa ntchito imeneyo, chachiwiri simufunika kuika kanthu kena. Kwa mphunzitsi amene akuyamba lero, chigamulo changa n'choti Dataview aisiye. Alembe fomu, teremu ndi mutu pamwamba pa notsi iliyonse, pakuti zimenezo ndi mawu enieni otsala m'fayilo, ndipo akafuna tebulo agwiritse ntchito Bases.

TEMPLATER NDI TEMPLATES

Tonse timadziwa kutopetsa kwa kulemba mitu yomweyomweyo ya lesoni pulani tsiku ndi tsiku: kalasi, tsiku, mutu, zolinga, zipangizo, chiyambi, ntchito ya mphunzitsi, ntchito ya ophunzira, mathero. Plugin ya Templater imakulemberani chigoba chimenechi. Pa muyeso woyamba imakhoza, chifukwa ikamaliza ntchito imasiya mawu enieni m'fayilo. Vuto lake lili kwina. Templater imatha kuyendetsa JavaScript, ndipo mukaloleza imathanso kupereka malamulo kwa kompyuta yenyeniyo. Mukakopera chigoba cha munthu wosamudziwa pa intaneti n'kuchiika osachimvetsa, mwapatsa mlendo makiyi a nyumba.

Pomwe Obsidian ili kale ndi Templates yake, yosavuta, imene imaika tsiku, nthawi ndi mutu, n'kukopera chigoba chanu chonse. Kodi lesoni pulani imafunanso china choposa pamenepa? Ayi. Kugwiritsa ntchito Templater polemba lesoni pulani kuli ngati kubwereka thirakitala kuti ulime dimba la mpiru la kuseri kwa nyumba. Apa wopambana ndi Templates wa m'pulogalamu momwemo.

EXCALIDRAW NDI PENSULO

Excalidraw, imene Zsolt Viczián anailowetsa mu Obsidian, ndi yojambulira. Anzanga a Biology ndi Geography amaikonda, ndipo pa laputopu yamphamvu ndi yosangalatsadi. Koma tsegulani fayilo yake popanda plugin muone. Mawu ochepa amene munalemba pa chithunzi alipo, koma chithunzi chenichenicho ndi chimulu cha zilembo ndi manambala zimene munthu sangawerenge. Ndi yolemeranso, moti pa foni yotchipa mumadikira mpaka belu kulira.

Pamene tili pano, chithunzi cha mtima wa munthu kapena mapu a boma la Mwanza kuyambira ku Thambani mpaka ku chipata cha Zobue mudzachijambulabe ndi choko pa bolodi. Bwanji osachijambula bwino kamodzi pa pepala ndi pensulo, n'kuchitola ndi kamera ya foni, n'kuika chithunzicho m'notsi? Chithunzi chotero chimatseguka pa makina alionse ndipo dzanja lanu lazolowera kale za pa bolodi. Amene simungagone popanda Excalidraw, yatsani pamene pamati isunge chithunzi cha PNG pambali nthawi iliyonse mukajambula. Mukatero mwakhoza muyeso woyamba, ngakhale wachiwiri mwalephera.

TASKS NDI KANBAN

Ziwiri izi ndizitchula mwachidule chifukwa sizilakwa. Tasks imasonkhanitsa ntchito zimene mwalemba ngati timizere tokhala ndi kabokosi kochonga, monga kuchonga mayeso a Fomu 2 kapena kupereka masikimu kwa mkulu wa dipatimenti. Timizereto timatsala m'manotsi momwe munatilemba. Kanban imaika ntchito m'mizati, koma pansi pake ndi mndandanda wamba wokhala ndi mitu, ndipo umawerengeka popanda plugin. Zonse ziwiri zakhoza. Funso langa ndi loti kodi mukuzifunadi? Ntchito za mphunzitsi pa sabata zimakwana pa tsamba limodzi. Ngati mukufuna, tengani imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa.

IMENE NDIKUIMENYERA NKHONDO

Ngati pali plugin imodzi imene ndinganene kuti mphunzitsi aliyense wokonzekeretsa ana mayeso a MANEB aike, ndi Spaced Repetition, yolembedwa ndi Stephen Mwangi. Simudzaiona kawirikawiri m'makanema a anyamata aja chifukwa siikongoletsa sikirini. Koma yakhazikika pa chinthu chodziwika kwa zaka zoposa 100. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu amaiwala msanga kwambiri atangophunzira chinthu, ndipo kuiwalako kumachepa akachibwereza patapita nthawi. Mu 1972 Sebastian Leitner anasandutsa nzeru imeneyi kukhala bokosi la makadi lokhala ndi zipinda: kadi imene wakhoza imasunthira chipinda chakumbuyo n'kudzabwera patapita masiku ambiri, imene walephera imabwerera kutsogolo n'kubweranso mawa.

Plugin imeneyi imachita chimodzimodzi m'kati mwa manotsi anu. Mumaika chizindikiro cha #flashcards pa notsi, n'kulemba funso ndi yankho pa mzere umodzi, pakati pake madontho anayi, chonchi: Chilembwe anaukira atsamunda chaka chiti?::1915. Basi. Tsiku lililonse imakuonetsani mafunso amene nthawi yake yakwana, inu n'kunena ngati linali lovuta kapena losavuta, iyo n'kulemba tsiku lodzabweranso pafupi ndi funsolo, m'fayilo momwemo. Ichotseni mawa, mafunso ndi mayankho anu onse alipo. Sifuna netiweki. Situmiza kanthu kunja. Miyeso yonse itatu yakhoza.

Wina ati, nanga ana athu saloledwa mafoni m'sukulu zambiri, phindu lake nchiyani? Phindu lake lili kwa inu aphunzitsi. Timaphunzitsa mutu mu Fomu 3 teremu yoyamba, n'kudzaukumbukira patatsala milungu itatu kuti MSCE iyambe, kenako timadabwa kuti ana aiwala. Lolani plugin ikuuzeni mafunso asanu a mitu yakale amene nthawi yake yakwana, muwafunse m'kalasi mphindi zisanu zoyambirira, ndipo kalasi ikalephera dinani kuti linali lovuta. Anawo aphunzitseni bokosi la Leitner ndi katoni ya sopo ndi timapepala todula. Ameneyo ndiye amene ndingamutche mphunzitsi wogwiritsa ntchito luso lamakono, osati wa timadontho ta kangaude.

KUSUNGA NDI KUSAMUTSA

Apa ndi pamene anthu amalira. Laputopu imabedwa, foni imagwera m'ndowa, ndipo manotsi a zaka zisanu apita. Obsidian ili ndi njira yake yolipira yotchedwa Sync, imene mu 2024 mtengo wake wotsikitsitsa unaikidwa pa madola 4 pa mwezi ukalipiriratu chaka chonse. Kwa anzathu a ku Toronto imeneyo ndi kapu ya khofi. Kwa ife, kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiponso ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kuzipeza, imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi banja.

Ndiye anthu amathamangira ma plugin. Obsidian Git imasunga mbiri ya kusintha kulikonse n'kutumiza ku GitHub. Ndi yolimba pa kompyuta, koma anaipangira anthu olemba mapulogalamu, ndipo amene amaisamalira amachenjeza okha kuti pa foni ndi yosakhazikika. Remotely Save imatumiza manotsi ku Dropbox, OneDrive kapena malo ena otere, ndipo ndi yosavutirapo, koma imafuna netiweki yabwino, ndipo mukasintha notsi imodzi pa zida ziwiri musanazilumikize mukhoza kutaya zina zimene munalemba. Ena ankadalira Syncthing, imene si plugin koma pulogalamu payokha yolumikiza foni ndi kompyuta mwachindunji. Kumapeto kwa 2024 amene ankasamalira ya pa Android analengeza kuti asiya, ndipo anthu anasamukira ku ina imene munthu wina anaipitiriza.

Tsono tamverani masamu awa. Lesoni pulani ya tsamba limodzi, ikakhala mawu okha, ndi makilobaiti ngati atatu. Malesoni pulani 1,000 ndi mamegabaiti atatu, osaposa nyimbo imodzi ya pa foni. Fulashi yotchipitsitsa ya pa msika wa Mwanza ingasunge manotsi a sitafu yonse mpaka tonse titapuma ntchito. Lachisanu lililonse koperani foda yonse pa fulashi, fulashiyo igone nyumba ina osati m'chikwama cha laputopu. Kamodzi pa mwezi mangani fodayo ngati zip n'kudzitumizira pa imelo. Njira imeneyi siidzalengeza kuti yasiya.

ZA MA PLUGIN A AI

Pali gulu latsopano, monga Copilot ndi Smart Connections, limene limalonjeza kuti muzicheza ndi manotsi anu. Zina mwa ntchito zake zimachitikira pa kompyuta yanu momwemo ngati ili yamphamvu, koma kuti icheze nanu bwino kawirikawiri imatumiza zimene mwalemba ku makampani monga OpenAI, ndipo inu mumalipira madola. Pano ndilankhula mosapsatira. M'manotsi a mphunzitsi mumakhala maina a ana, malikisi awo, mwina amene wasiya sukulu chifukwa cha mimba, amene akumwa mankhwala, amene sanalipire. Zimenezi si zathu, tinangosungitsidwa. Kuyambira mu 2024 Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, limene MACRA inapatsidwa kuti iliyang'anire. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, kholo la ku Kunenekude limene linatipatsa mwana wake silinavomere kuti mbiri ya mwanayo iwoloke nyanja.

Ndipo dziwani kuti eni ake a Obsidian amanena poyera kuti plugin iliyonse ikhoza kuwerenga mafayilo a pa kompyuta yanu, kulumikizana ndi intaneti, ngakhale kuika mapulogalamu ena. Nchifukwa chake pulogalamuyi imabwera ma plugin a anthu wamba atatsekedwa, mpaka inu mutatsegula nokha. Plugin iliyonse imene mwaika ndi munthu mmodzi wosamudziwa amene mwamulola kulowa ku chipinda. Makumi atatu ndi msonkhano.

AMENE AKUNDITSUTSA

Ndikudziwa zimene muyankhe. Ena muti, zinthu zaulere, zopangidwa ndi anthu a mtima wabwino, n'kuzikaniranji? Anthuwo ndimawalemekeza, ndipo ulemu wake ndi kuvomereza kuti alibe nafe ngongole. Munthu wodzipereka amapeza ntchito yatsopano, amabereka mwana, amatopa. Omnivore, pulogalamu yosungira nkhani zowerenga imene inali ndi plugin yake ya Obsidian, inatsekedwa mu November 2024 eni ake atalowa kampani ina. Pocket ya Mozilla inatsekedwa mu July 2025. Ngati zazikulu chotere zimafa, kuli bwanji plugin ya munthu mmodzi? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ena muti, ndiye tibwerere ku hadikava basi. Apa ndikuvomerezani theka. Hadikava ndiyo muyeso wa zonse, chifukwa imatseguka popanda magetsi ndipo mwana wanu adzaiwerenga zaka 30 zikubwerazi, chiswe ndi denga lodontha zikailekerera. Koma siikopereka mphindi imodzi, siifufuzika, ndipo silumikiza Shire wa mu History ndi Shire wa mu Geography. Fayilo ya mawu wamba ili ndi ubwino wa hadikava pamodzi ndi zimenezi. Ma plugin olakwika amachotsa ubwino wa hadikavawo. Niklas Luhmann, katswiri wa ku Bielefeld amene anthu a Obsidian amakonda kumutchula, anasiya timakadi pafupifupi 90,000 tolumikizana ndi manambala olembedwa pamanja, m'madirowa a matabwa. Anamwalira mu 1998 ndipo anthu akutiwerengabe. Chimene chinamupindulira ndi kulemba tsiku ndi tsiku ndi kulumikiza, ndipo analibe plugin.

CHIGAMULO

Mphunzitsi amene akuyamba akhale teremu yathunthu popanda plugin ya anthu wamba ngakhale imodzi. Alembe manotsi, alumikize mitu, agwiritse ntchito Templates, akopere pa fulashi. Teremu yachiwiri aike Spaced Repetition. Akaona kuti pali ntchito imodzi imene ikumudyera nthawi sabata iliyonse, afune plugin imodzi ya ntchito imeneyo, aizimitse kaye n'kutsegula fayilo aone chimene chatsala, ndipo pokhapo asankhe.

Inu ana anga, mukabweranso ku holide ndipo mukufuna kuthandiza aphunzitsi anu akale, mubweretse fulashi, mukhale nawo pansi ola limodzi, muwaonetse kulumikiza manotsi awiri, kenako muwathandize kutaipa mafunso a mitu ya Fomu 3. Ndipo aphunzitsi anzanga amene muli ndi ma plugin makumi atatu, ndikukupemphani chinthu chimodzi sabata ino: azimitseni onse, mutsegule sikimu yanu ya teremu ino. Ngati ikuwerengeka, ndinu mfulu. Ngati siikuwerengeka, ikonzeni pano mayeso asanayandikire. Amene mukuona kuti ndalakwira Dataview, mundipeze ku sitafu rumu nthawi ya buleki, mubwere ndi laputopu yanu yotchaja.